Ndinayimba Pamchenga ku Corby

Lachiwiri, 3 Juni

Shifiti ya m'mawa kunyumba yosamalira okalamba, 7 mpaka 2. Agogo a m'chipinda 9 akananso phala. Msana ukuwawa.

A Jeremy abwera ndi gitala yawo kudzayimbira agogo athu, monga achitira Lachiwiri lililonse, osalipidwa. Mzungu wamtali, zaka ngati 70, kale ankayendetsa basi. Lero ayimba ya country yakalekale, imene bambo ankaikonda m'lole ya tiyi ku Mulanje, kaseti yake yomata ndi selotepi. Ine ndikumwetsa agogo tiyi, osadziwa kuti pakamwa pakutuluka mawu. Podzutsa mutu, a Jeremy asiya kuyimba, akungoliza gitala akundiyang'ana. Manyazi.

Andiimitsa pakhomo. Akuti ali ndi bandi, madoda anayi, woyimba wawo wasamukira ku Spain. "Akuzike, mawu amenewa umawabisa kuti?" Ndati kwathu country timayamba kuimva tili kumbuyo kwa amayi.

Ndati ndiganiza. Kuganiza chiyani? Miyezi isanu ndi inayi ndili chibisalire muno mu Leicester. Ngakhale kutchalitchi cha Amalawi sindipondako. Mwamuna wanga Dixon akadali ku Nottingham, ku Hyson Green, m'chipinda chomwe ndinathawamo ndi mwana wathu Michelle ndi zikwama ziwiri, iye ali kuntchito. Munthu wobisala sakwera pasiteji.

Koma ndayimba njira yonse yokatenga mwana kusukulu.

Lamulungu, 8 Juni

Ndapita. Kungokaona, ndinadzinamiza choncho. Michelle watsala pansipa ndi anti Uzma, eni nyumba, akumuphunzitsa kukanda chapati.

Garaja ya a Jeremy ku Wigston. Fungo la oilo ndi galu. Ndimayembekeza zipewa zikuluzikulu ndi nsapato zazikopa. Ndapeza madoda m'malaya a maluwamaluwa, makabudula, mapatapata, miyendo yoyera ngati chinangwa chosenda.

A Jeremy kudandaula. Akuti country imene anakula nayo inali ya ndende, sitima, mayi wodwala, munda wolandidwa. Kenako oyimba a ku America anayamba mmodzimmodzi kuyimba za mchenga, maboti, dzuwa, mowa wozizira, mpaka wailesi yonse inadzaza madzi. "Masiku ano ukapanda kutchula nyanja, palibe pabu ingakuitane." Akuti anthu sakufunanso kumva za mavuto, mavuto ali nawo kale kunyumba.

Nyimbo zonse nkhani yake ndi imodzi. Munthu wasiya ntchito, waponya foni m'madzi, wagona pamchenga, palibe akudziwa komwe ali. Ine nyanja yamchere ndinangoionera pawindo la ndege. Koma pofika pamene pakuti palibe akudziwa komwe ndili, mawu anandigwira pakhosi. Wang'oma anayesa ndi luso, anawomba m'manja.

Ndawauza zinthu ziwiri: dzina langa lisalembedwe paliponse, zithunzi ayi. A Jeremy sanafunse chifukwa. Loweruka masana ku Corby.

Loweruka, 14 Juni

Corby. Kuseri kwa pabu, poimika magalimoto, athirapo mchenga wa omanga nyumba. Migwalangwa iwiri ya pulasitiki. Mphepo, mitambo, anthu atavala zazifupi akunjenjemera ndi mowa m'manja. Ambiri ndi a m'mawerehausi, angoweruka kumene. Nyanja yeniyeni ili kutali ulendo wa maola awiri. Palibe anaona chachilendo.

Nyimbo zisanu ndi imodzi. Yoyamba ndinayimba ndikuyang'ana pansi. Yachitatu ndinaiwala zoti ndimaopa. Yomaliza ndinachita chopusa. Mawu achingerezi a ndime yachiwiri anandithawa, ndiye ndinangoikapo anga, m'Chichewa, za mayi wochapa pa Ruo madzi n'kumutengera nsalu. Anthu kukuwa. Mafoni m'mwamba. Ndinawaona mafoniwo. Sindinasiye.

Potsika, bambo wina wa jekete ya kuwerehausi: "Sisi, ndimwe a ku Malawi? Mwaimba bwino maningi." Wa ku Chipata. Ndinangogwedeza mutu n'kuthawira m'vani.

Michelle wandifunsa m'Chingerezi ngati ndamubweretsera zigoba za kunyanja. Ndamukhuthulira mchenga wa m'nsapato. Waseka mpaka kutsokomola. Nthawi yaitali ndisanamumve akuseka choncho.

Lachitatu, 18 Juni

Thoko, msuweni wanga wa ku Normanton, Mmalawi yekhayo kuno amene ali ndi nambala yanga yatsopano, wanditumizira vidiyo ndili pa bureki. "Achemwali, si inu awa?"

Ndine. Diresi yachikasu, kukamwa yasa. Wina anaiposita Lamulungu. Ili kale m'magulupu atatu a Amalawi, la ku Nottingham lomwe. Anthu akusheya ndi timitima. Wina walemba kuti Mmalawi waphunzitsa azungu country yawo yomwe.

Ndinakasanza m'toileti ya antchito, n'kubwerera kukasintha agogo a m'chipinda 4.

Ndaionera kasanu ndi kawiri. Vuto si nkhope yokha. Kumbuyo kwanga kuli chinsalu cha bandi: dzina la bandi, nambala ya foni ya a Jeremy, ndi malembo akuluakulu, Skegness, 12 Julayi, tauni ya kunyanja kumene tikayimbe. Tsiku lija sindinachione n'komwe, chinali kumsana kwanga.

Loko wapakhomo ndamuyesa katatu.

Loweruka, 21 Juni

Waiona.

Thoko akuti Dixon anamuimbira dzulo, mawu ofatsa. "Uwauze achemwali akowo kuti mawu akadali nawo." Basi. N'kudula.

Nkhani ina ndi iyi. Dixon anabwera kuno pa viza yanga ya ntchito. Titasiyana ndinadziwitsa boma, monga lamulo linenera. Thoko akuti kalata ya boma yopita kwa Dixon inafika, mu Ogasiti ayenera kukhala atachoka. Ndiye akufuna dzanja langa papepala, kuti tinabwererana. Kaya akufuna pepala lokha, sindikudziwa.

Apongozi nawo atumiza mawu kudzera kwa Thoko yemweyo. "Mwana wathu anagulitsa puloti kuti iwe ukwere ndege, lero ukuvina m'mabala iye akuthamangitsidwa ngati galu." Puloti anagulitsadi, sindikana. Zimandidya.

Koma sakudziwa za pasipoti yanga yomwe inkagona m'thumba lake. Sakudziwa za Lamulungu lija titabwera kutchalitchi, atandipanira pasinki, zala pakhosi, chifukwa ndinaseka ndi woyimba kiyibodi. Michelle ataima pakhomo ndi supuni m'manja, osalira. Sabata yonse ndinavala sikafu kuntchito, mu Ogasiti, thukuta lili kamukamu.

Anti Uzma andibweretsera mpunga wawo wa tsabola. Wakhala pa tebulo mpaka kuzizira.

Lachiwiri, 24 Juni

Ndawauza a Jeremy kuti ndasiya. Tinali pa benchi panja, agogo akugona tulo ta masana. Ndawauza zonse, mpaka za sikafu.

Nkhope yawo inasintha. Gitala anaiika pansi pang'onopang'ono. Akuti Lachinayi lapitali kunaimba foni bambo waulemu kwambiri, akufuna mayi wa ku Malawi uja akayimbe pa ukwati wa mlongo wake. Anafunsa kuti angandipeze bwanji. Nambala sanapereke. Koma anamuuza kuti amandiona Lachiwiri lililonse kunyumba yosamalira okalamba, cha ku Evington.

"Ndimati ndikukupezera ntchito, mwana wanga." Munthu wamkulu misozi m'maso. Ndinapezeka ndikuwatonthoza ine.

Dixon alibe mlongo.

Nyumba za okalamba mbali ino si zambiri. Munthu wofatsa ngati uja angaziimbire imodziimodzi.

Lachisanu, 27 Juni

Ndinawauza a manijala, mayi Tasleem. Ndimaopa kuti aganiza kuti ndikubweretsa mavuto pantchito, poti viza yanga ili m'manja mwawo. Anangotseka chitseko cha ofesi, n'kundipatsa madzi. Chithunzi cha Dixon achiika pa resepishoni, kuseri kwa kauntala. Chithunzi chimene ndinali nacho ndi cha pa ukwati, ndachidula ndi sizasi pakati.

Kupolisi analemba zonse, andipatsa nambala ya lipoti. Andilumikiza ndi Fariha, wa bungwe lothandiza amayi othawa nkhanza. Wamng'ono kwa ine koma amayankhula ngati azakhali. Akuti tipemphe kukhoti chikalata chomuletsa kundiyandikira. Masamba asanu ndi atatu ndalemba, m'Chingerezi. Zina zilibe Chingerezi chake.

Kusukulu ndasiya mawu: mwana asatengedwe ndi wina aliyense koma ine kapena anti Uzma.

Basi ndasintha. Ndikutsika sitopu imodzi patsogolo, n'kubwerera pansi. Mwamuna aliyense wa mapewa ngati ake, mtima phaa. Lero ndinathawa wonyamula makalata.

M'shopu wailesi ikuyimba ina ya zomwezija, munthu ali pa boti alibe nkhawa. Ndinatuluka osagula mkaka.

Lachiwiri, 1 Julayi

Wabwera.

Cha m'ma 11. Ndili m'chipinda 12 pamwamba, ndikutsegula makatani. Pageti, Dixon, suti ya buluu yopitira kutchalitchi, wameta bwino, wawonda. Akuyang'ana mawindo limodzilimodzi. Ndinakhala pansi pomwepo, pa kapeti. Agogo a m'chipindamo anandifunsa ngati ndataya ndolo.

Mayi Tasleem anatuluka okha. Akuti anawapatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti mkazi wake akudwala maganizo, iye akungofuna kumuthandiza. Anamuuza kuti kuno kulibe munthu wotero ndipo apolisi ali m'njira. Anamwetulira. Anasiya jumbo pageti, n'kumapita osathamanga.

M'jumbomo, kandowa ka pulasitiki kofiira ndi kafosholo, toseweretsa ana pamchenga. Ndi kapepala m'Chichewa, zolemba zake zopendekera zija. "Za Michelle. Tionana kunyanja."

Apolisi atenga zonse. A Jeremy lero sanayimbe. Anandiperekeza pagalimoto yawo, ine nditagona kumpando wakumbuyo ngati thumba la chimanga, kuzungulira misewu mpaka titatsimikiza kuti palibe akutitsata.

Michelle akufunsa chifukwa chake sakupita kupaki. Ndati kukubwera mvula. Kunja kuli dzuwa.

Lamulungu, 6 Julayi

Anzathu lero ali ku phwando la ufulu, Thoko watumiza zithunzi za mbendera ndi nyama yowotcha. Ine makatani otseka.

Khoti linavomera Lachisanu. Koma Fariha akuti chikalatacho chimagwira bwino ntchito chikafika m'manja mwake, aziwerenga yekha. Munthu wopereka zikalata anapita ku Hyson Green kawiri. Chipinda chili ndi anthu ena. Ntchito anasiya. Palibe akudziwa komwe akugona, kapena akudziwa koma sanena.

Malo amodzi okha ndi amene tikudziwa kuti adzapezeka, ndi tsiku lake: Skegness, 12 Julayi.

Fariha akuti palibe akundikakamiza, wazikalata atha kupita yekha. Koma Dixon ndimamudziwa. Adzakhala m'galimoto patali, kudikira mpaka amve mawu anga. Akapanda kuwamva, adzabwerera ku geti ya kuntchito. Kenako tsiku lina adzanditsata mpaka pano.

A Jeremy akukana. "Bandi ingathe, ndilibe nazo ntchito. Nyimbo zake n'zachabechabe kale." Anti Uzma akukana. Thoko akulira pafoni.

Ine sindikudziwa. Ndikudziwa zoti masiku asanu ndakhala ndikuyenda chowerama m'nyumba mwanga momwe.

Lachinayi, 10 Julayi

Ndipita.

Michelle atsala ndi anti Uzma, chitseko chokhoma, Aamir mwana wawo wa takisi sagwira ntchito tsiku limenelo. A Jeremy ayankhula ndi alonda a pamalopo, chithunzi ali nacho. Wazikalata ndakumana naye, bambo wonenepa wa magalasi, ngati mphunzitsi wa pulaimale. Apolisi a kumeneko adziwitsidwa.

Pulakatisi lero mawu sanatuluke. Atatuluka anali ngati a mbuzi. Wang'oma anandipatsa switi ya pakhosi.

Ndalemba nambala ya amayi ku Mulanje ndi ya Thoko pa pepala, ndaika m'envulopu pamodzi ndi pasipoti ya mwana. Ndawapatsa anti Uzma. Anailandira n'kuilowetsa mu Kurani yawo.

Loweruka, 12 Julayi, m'mawa, m'vani

Zolemba zikukhota, msewu. Minda ya kabichi yokhayokha, dziko lathyathyathya.

Tafika. Nyanja ndaiona. Yabulauni, ili kutali, mchenga wonyowa mtunda wonse, mphepo yoluma makutu. Abulu onyamula ana. Fungo la tchipisi. Ndiye zimene takhala tikuziyimbira n'zimenezi? A Jeremy akuti ayi, za m'nyimbo zili kotentha, kumene iwonso sanafikeko.

Tikwera 3 koloko. Ndapita kutoileti kanayi.

Lamulungu, 13 Julayi

Ndilembe ndisanaiwale dongosolo lake.

Bwalo la makaravani, siteji yamatabwa, anthu mwina mazana atatu. Patsogolo amayi achikulire ovina m'mizere, zipewa za country pamutu, mikanda ya maluwa apulasitiki m'khosi, ngati makumi anayi. Nyimbo yoyamba, palibe. Yachiwiri, palibe. Ndinayamba kuganiza kuti ndavutitsa anthu pachabe.

Yachitatu, ndinamuona. Pafupi ndi vani ya ayisikilimu, suti ya buluu, munthu yekhayo wa suti pabwalo lonse. Manja m'thumba. Akugwedeza mutu motsatira nyimbo.

Mawu anauma. A Jeremy anabwereza ndime ndi gitala yokha, kenako n'kubwerezanso, akundiyandikira mpaka phewa lawo linagunda langa. Ndinayamba. Sindikudziwa ndinayimba chiyani. Maso anga anali pa bambo wa magalasi uja akuyenda pang'onopang'ono ndi ayisikilimu m'dzanja limodzi, envulopu m'dzanja lina. Anamutchula dzina. Dixon anatembenuka, n'kulandira, mwina ankayesa ndi pulogalamu ya tsikulo.

Anawerenga tsamba loyamba. Anadzutsa mutu. Nkhope ija ya pasinki.

Anayamba kubwera. Koma amayi aja anali pakati pa gule, mizere inayi, onse akutembenukira kumanzere nthawi imodzi, kuwomba m'manja, kubwerera. Akati adutse apa, mzere watseka. Akati apa, wagunda chigongono. Mayi wina anamugwira mkono kuti amuonetse masitepe. Alonda awiri anamupeza ali pamzere wachiwiri.

Akumutulutsa anakuwa m'Chichewa, ine ndekha womva pa anthu onse aja. "Akuzike! Ndikabwerera ndi chiyani kumudzi? Ndikawauza chiyani amayi?" Mawu ake anasweka. Sindinayembekeze kuti ndimumvera chisoni. Ndinamumvera. Nyimbo ndinaimaliza, mkodzo pang'ono utatsika m'mwendo. Anthu anawomba m'manja, osadziwa kanthu.

Apolisi anamuuza kuti akandiyandikiranso amangidwa. Anakwera galimoto yotuwa n'kumapita. Pobwerera ndinagona m'vani njira yonse, koyamba kugona tulo teniteni chiyambire vidiyo ija.

Lamulungu lomwelo, 4 koloko masana

Ndimamuluka Michelle tsitsi. Ali pakati pa miyendo yanga, akudya chingwa. Wangofunsa m'Chingerezi, osatembenuka, ngati adadi anaikonda nyimbo.

Chipeso chinagwa.

Anamva tikuyankhula Lachinayi. Dzulo madzulo, anti Uzma akuswali, anatenga foni yawo. Nambala ya bambo ake amaidziwa pamtima, ndinamuphunzitsa ndine ku Nottingham ngati kanyimbo, kuti akadzasochera adzaimbe. Akuti anangofuna kudziwa ngati tagwirizana. Akuti adadi amalira. Anamufunsa ngati akudya bwino, ngati nyumba yathu ndi yabwino. Iye anawauza kuti ndi yabwino, chitseko chobiriwira, pafupi ndi butchala, moyang'anana ndi kochapira magalimoto. Dzina la msewu amalidziwa, analemba pa bukhu la kusukulu.

Sindinamukalipire. Ndingamukalipire chiyani, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wofuna bambo ake? Ndinamaliza mzere umene ndimaluka.

Ndaimbira apolisi, alemba, akuti nyumba ino aiika chizindikiro, ndikangoimba afika msanga. Fariha akuti malo obisalako alipo, mzinda wina kumpoto, lero lomwe ngati ndikufuna. Ntchito ndiye kuisiya. Viza kuyambiranso kufunafuna wondilemba. Sukulu ina, yachitatu.

Zikwama ziwiri ndalongedza mu mphindi makumi awiri, manja akudziwa okha. Aamir waimika takisi pakhomo, chimodzi walowetsa kale, injini ikulira.

Anti Uzma akhala pa sitepe yapansi, atsekereza njira ndi thupi lawo lonse. "Chikalata uli nacho, wachivutikira wekha. Ana anga aamuna ndi atatu, wa butchala ndi mlamu wanga. Ukathawa lero, udzathawanso." Sakudziwa mmene zala zija zimagwirira. Koma sakunama.

Michelle waima ndi tsitsi loluka theka, chidole m'khwapa, akundiyang'ana ngati tsiku lija la supuni.

Galimoto yotuwa yadutsa. Si iyo. Ina yadutsa.

Ndatsegula windo, ndamuuza Aamir azimitse injini.